Mwamenyedwa koma bala silikuoneka: mmene mungajambulitsire za m'kati mwa thupi ndi kusunga umboni

Ndimagwira ntchito yoona odwala kuno ku Kasungu, ndipo pali mayi wina amene nkhope yawo sichoka m'maso mwanga. Anabwera m'mawa wina nyengo yogulitsa fodya, akuyenda chowerama, dzanja lili m'nthiti za kumanzere. Nditawafunsa chomwe chachitika anati, "Ndagwa pa njinga, adokotala." Pakhungu panalibe bala, panalibenso chotupa. Amuna awo anali chilili pakhomo. Ndinalemba mawu omwewo m'buku lawo la kuchipatala, ndinawapatsa panado, n'kumapita.

Patatha masiku anayi anabwera nawo pa ngolo, zikhatho zili mbuu, mimba ili gwa ngati thabwa. Sikani inaonetsa magazi atadzaza m'mimba. Kapamba anali atang'ambika. Anapulumuka atachitidwa opaleshoni, ndipo ali chigonere pa bedi ndi pamene anauza anesi kuti za njingazo zinali zabodza, anachita kupondedwa atafunsa za ndalama za fodya wogulitsidwa ku msika wa ku Chinkhoma. Nkhani itafika kupolisi, tsamba loyamba la buku lija linkanenabe za njinga, ndipo dzanja lolembalo linali langa. Sindinawafunse kachiwiri, sindinawauze bambowo kuti adikire panja. N'chifukwa chake ndalemba malangizo awa, kwa inu amene mwamenyedwa komanso inu amene mukuperekeza m'bale wanu, kaya ndi mayi, bambo kapena mwana.

Pa khungu lathu lakudali mikwingwirima sichedwa kubisala, ndipo chotupa chimaphwa mlandu usanafike n'komwe kukhoti. Zam'kati sizitero. Fupa lothyoka limasunga mbiri yake kwa miyezi, ndipo lamulo limawerengera zimenezi. Mu lamulo la milandu lotchedwa Penal Code, kumenya munthu osamuvulaza chilango chake sichiposa chaka chimodzi, kumuvulaza n'kufika zaka 5, pomwe kumuvulaza modetsa nkhawa n'kufika zaka 14, ndipo pofotokoza kuvulaza modetsa nkhawako lamulolo limatchulanso ziwalo zam'kati. Ndiye kuti chithunzi chimodzi chojambulidwa bwino chikhoza kusintha mlandu womwe munthu angaimbidwe.

Choyamba, thamangitsani moyo

Umboni uli ndi ntchito kwa munthu wamoyo. Musadikire kuti kuche ngati womenyedwayo akubanika kapena akumva kubaya popuma, mimba yauma, akuchita chizungulire akaimirira, akutuluka thukuta lozizira, kapena mkodzo wafiira. Chimodzimodzi ngati anamenyedwa m'mutu ndipo akusanza mobwereza, akuyankhula zosokonekera, akugona tulo tovuta kumudzutsa, kapena m'khutu mukutuluka magazi kaya madzi. Pali chizindikiro china chimene anthu ambiri sachidziwa: phewa lamanzere kupweteka chonsecho sanamenyedwepo. Kawirikawiri amakhala magazi a kapamba akukhudza mnofu wopumira. Kuno kwathu malungo amatupitsa kapamba mwa anthu ambiri, ndipo kapamba wotupa sachedwa kung'ambika, nthawi zina ndi chibakera chimodzi chokha. Akhozanso kugwira kwa masiku angapo kenaka n'kuphulika, monga zinachitikira mayi aja.

Ambiri amayamba athamangira kalata ya polisi poopa kubwezedwa kuchipatala. Munthu akafooka, yambani kuchipatala. Kalatayo m'bale wina akhoza kukatenga pambuyo.

M'njira muno musamuthowe ndi madzi otentha, musamusisite mimba, ndipo musamuteme mphini pamalo popweteka. Mphini zimabweretsa mabala atsopano, ndipo womenyayo akhoza kudzanena kuti munthu anavulazidwa ndi asing'anga. Musamupatse asipirini, bufeni kapena dikilofenaki chifukwa akhoza kuwonjezera kutaya magazi m'kati. Panado ndiye alibe vuto limenelo. Ngati mimba ndiyo ikupweteka, asadye kanthu mpaka adokotala amuone, pakuti mwina pafunika opaleshoni.

Ngati panalinso kugwiriridwa, nenani pofika pomwepo. Mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Zovala musazichape, zikulungeni mu pepala osati mu jumbo.

Chachiwiri, nenani zoona m'chipinda cha dokotala

Apa ndi pamene milandu yambiri imafera. Dokotala amasankha pojambula potengera zomwe mwamuuza. Mukati mwagwa kubafa, aona bondo ndi dzanja. Mukati anakupondani m'nthiti katatu atavala jombo, aganiza za kapamba, mapapo ndi impso.

Ngati wokumenyaniyo, apongozi kapena ankhoswe alowa nanu, muli ndi ufulu wonena kuti, "Adokotala, ndikufuna ndiyankhule nanu pandekha." Lilime likalemera, anong'onezeni anesi pokuyezani thupi. Inu operekeza, thandizani pamenepa: atengeni omenyawo, apongoziwo kapena ankhoswewo mupite nawo panja ngati mukukagula madzi.

Fotokozani tsiku ndi nthawi, chomwe anakumenyerani, kaya ndi mpini, musi, chibonga, mwala kapena phazi, malo ake pathupi, ndi kangati. Nenani ngati munakomoka. Nenani ngati anakukanyangani pakhosi, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Nenani ngati si koyamba. Pomaliza pemphani kuti akuwerengereni zomwe alemba m'buku, popeza zimalembedwa m'Chingerezi. Safunsa anadya phula. Ngati tsiku loyamba munabisa, musataye mtima: bwererani mukanene zoona, ndipo dokotala alembe pa tsiku latsopanolo chifukwa chomwe munabisira. Asafufute kapena kung'amba tsamba lakale.

Chachitatu, dziwani makina omwe amaona chomwe chikukupwetekani

Anthu amangoti "akandijambule", koma makina ojambulira ali mitundu, ndipo aliwonse ali ndi zomwe saona.

X-ray ndi ya mafupa, mpweya ndi zitsulo. Imaonetsa mkono wothyoka, nsagwada, nthiti, chiuno, komanso mapapo akaphwa kapena magazi akadzaza m'chifuwa. Munthu akajambulidwa chifuwa ali choimirira kapena chokhala tsonga, ikhoza kuonetsa mpweya womwe wathawa m'matumbo oboka. Imaona chipolopolo, nsonga ya mpeni yothyokera m'thupi, ndiponso magalasi a botolo ambiri. Kamtengo kothyokera m'mnofu kawirikawiri sikaoneka.

Pali fupa limodzi limene ndimaliyang'anitsitsa, la mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, mbali ya chala chaching'ono. Munthu akaona ndodo ikubwera amakweza mkono kutchinga kumutu, ndipo fupa limeneli limathyoka lokha chapakatikati. Wogwa pansi n'kutsamira dzanja nthawi zambiri amathyoka pafupi ndi polumikizira dzanja. Kusiyana kumeneku sikutsimikiza mlandu pakokha, koma dokotala akhoza kulemba kuti kuthyokako kukugwirizana ndi kutchinga chomenyera, ndipo mawu amenewo amamveka kukhoti.

Sikani, yomwe ija amayezera amayi oyembekezera, ndiyo mnzathu wamkulu pa zipatala za m'maboma. Imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso, siiwononga kanthu, ndipo m'mphindi zochepa imaonetsa ngati m'mimba, kuzungulira mtima kapena m'chifuwa mwataikira magazi. Koma mvetsani bwino apa. Sikani imaona magazi omwe atayika kale ndipo achulukirapo. Ikajambulidwa molawirira ikhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino pomwe chiwindi, kapamba kapena matumbo zavulala. Choncho ululu ukapitirira, pemphani kuti abwereze, ndipo akakuuzani kuti mugone m'chipatala kuti akuoneni usiku wonse, musakane chifukwa cha ana kapena mbuzi zomwe mwasiya kunyumba.

Mayi woyembekezera akamenyedwa pamimba apite tsiku lomwelo. Sikani ionetsa ngati mtima wa mwana ukugunda ndi msinkhu wa mimbayo, ndipo zimenezi zilembedwe. Koma nsengwa ikhoza kuyamba kumatuka sikani osaona. Mimba ikamauma, magazi akayamba kutuluka, kapena mwana akasiya kutakataka, bwererani ngakhale pakati pa usiku.

Tsono mutu. Anthu amakonda kupempha X-ray ya mutu, ikatuluka yabwino n'kumati apulumuka. X-ray imaona chigaza, siiona ubongo. Magazi oundana m'kati mwa chigaza amaoneka pa makina aakulu ojambula thupi mozama otchedwa CT, ndipo kwa ife kuno ndiye kuti ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kudzera mu msewu wa M1. Munthu akhoza kukomoka, n'kutsitsimuka, n'kucheza bwinobwino kwa maola angapo, kenaka n'kuyamba kufooka. Kwa okalamba ndi omwa mowa kwambiri, magazi amatha kudontha pang'onopang'ono mpaka zizindikiro kudzaoneka patatha masabata. Agogo akayamba kuiwalaiwala kapena kukoka mwendo patatha mwezi chimenyedwereni, musathamangire kunena za ufiti kapena ukalamba. Kauzeni dokotala za kumenyedwa kuja.

Za pakhosi ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi zomwe zimanyalanyazidwa kwambiri. Munthu wokanyangidwa pakhosi nthawi zambiri sakhala ndi chizindikiro chilichonse pakhungu. Koma m'kati mitsempha yopititsa magazi ku ubongo ikhoza kung'ambika, magazi n'kuundana, munthu n'kudzachita sitiroko patatha masiku. Kholingo nalo likhoza kutupa pang'onopang'ono mpaka kutseka mpweya. Ngati mawu asasa, kumeza kukuvuta, m'maso muli timadontho tofiira, kapena pokanyangidwapo munaona mdima, munakomoka kaya kudzikodzera, nenani zonsezo osachita manyazi. Mitsempha imeneyi siioneka pa X-ray wamba. Imafuna CT yochita kubaya mankhwala mu mtsempha, ndipo dokotala ndiye angaone ngati mukuyenera kutumizidwa. Ngakhale musajambulidwe, onetsetsani kuti zalembedwa. Ndikuuzeninso mosabisa, achemwali: munthu amene wafika pokugwirani pakhosi ndi woopsa kuposa amene anakumenyani mbama. Musabwerere kukagona m'nyumba imodzi ndi iye usiku umenewo.

Zipatala zing'onozing'ono zambiri zilibe makina ojambulira, choncho ngati mwachokera ku Santhe, Chamama, Chulu kapena kwina kutali, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala cha pa boma. Ku zipatala za boma simulipira, pomwe za mishoni zimalipiritsa. Mukapeza magetsi azima kapena makina awonongeka, dokotala alembe m'buku kuti anapempha kujambula koma sizinatheke, ndi tsiku loti mubwerenso. Mzere umodzi umenewo udzayankha funso lakuti, "Nanga bwanji simunajambulitse tsiku lomwelo?"

Chachinayi, m'chipinda chojambulira

Ngati muli ndi pakati kapena mukukayikira, muuzeni wojambula musanayambe. Sikuti akubwezani. Aona njira yotetezera mwanayo, ndipo ngati moyo wanu uli pa chiswe ajambulabe. Ena amati X-ray imatha magazi kapena imafupikitsa moyo. Si zoona. Mphamvu ya X-ray imodzi ya chifuwa ndi yofanana ndi yomwe thupi limalandira kuchokera m'chilengedwe pa masiku pafupifupi khumi.

Lozani ndi chala pomwe pakupweteka. Fupa la mkono kapena mwendo liyenera kujambulidwa kawiri, chakutsogolo ndi cham'mbali, chifukwa mng'alu wobisala mbali imodzi umaonekera mbali inayo.

Musanatuluke yang'anani pa ngodya ya chithunzi. Pakhale dzina lanu lolembedwa molondola monga lilili pa chiphaso cha unzika, tsiku, ndi chilembo L kapena R chosonyeza kumanzere kapena kumanja. Chithunzi chopanda dzina ndi tsiku, loya woimira wokumenyaniyo adzangoti ndi cha munthu wina. Ngati makina ake ndi a kompyuta ndipo sakupatsani chogwira m'manja, funsani nambala yomwe chithunzicho chasungidwira ndipo ilembedwe m'buku. Pemphani chilolezo chojambula pa foni zomwe zili pa kompyutapo, mojambula ndi ngodya ya dzina yomwe. Pa sikani m'pofunika kwambiri, chifukwa nthawi zambiri zomwe woyeza waona zimathera m'maso mwake. Apo pemphani kuti alembe zomwe waona, asayine ndi kudinda.

Chachisanu, chithunzi chisanduke mawu

Majisitireti si dokotala. Sangayang'ane chithunzi n'kudziwa kuti nthiti iyi yathyoka. Chomwe amawerenga ndi lipoti la kuchipatala, pa fomu yomwe apolisi amakupatsani. Lipoti lonena kuti "wavulala pachifuwa" silithandiza. Lipoti labwino limati nthiti ziti, mbali iti, zaoneka pa chithunzi cha tsiku liti, munthu anagonekedwa masiku angati, anaikidwa chikhakha kapena anachitidwa opaleshoni, ndipo ngati kuvulalako kukugwirizana ndi zomwe wodwala wafotokoza. Dzina la wolemba, udindo wake ndi chidindo zioneke bwino, pakuti khoti likhoza kumuitana.

Musamukakamize dokotala kulemba zomwe chithunzi sichinena. Chithunzi sichitchula dzina la womenya, ndipo sichinena tsiku lenileni lomwe fupa linathyoka. Chimatha kusiyanitsa kuthyoka kwatsopano ndi kwakale komwe kwayamba kulumikizana, ndipo m'thupi limodzi mukapezeka zonse ziwiri, umenewo ndi umboni wamphamvu wakuti nkhanzazi sizinayambe dzulo. Lipoti lokokomeza limagwa likafunsidwa mafunso, ndipo limagwetsa ndi zoona zomwe.

Komanso chithunzi chikatuluka chopanda vuto sizitanthauza kuti simunamenyedwe. Minofu yotupa, ng'oma ya khutu yoboka ndi mbama, dzino logwedera, zonsezi dokotala amaziona ndi maso n'kulemba. Zotupa ndi mabala zijambuleni pa foni masana, kamodzi chapatali kuti nkhope ioneke, kenaka chapafupi mutaika rula kapena ndalama yachitsulo pambali. Bwerezani mawa lake ndi mkuja, chifukwa mikwingwirima ina imatuluka mochedwa.

Chachisanu ndi chimodzi, bwererani pakatha masabata awiri

Ili ndi khwerero lomwe pafupifupi aliyense amalidumpha. Nthiti yosweka popanda kusuntha kawirikawiri siioneka pa X-ray ya tsiku loyamba. Chimodzimodzi kafupa kena kakang'ono ka polumikizira dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu. Pakatha masiku 10 mpaka 14, thupi limayamba kumanga fupa latsopano pamalo oswekawo, ngati mfundo ya pa nzimbe, ndipo mfundoyo imaoneka. Ngati pakupwetekabe mukatsokomola, mukaseka kapena mukanyamula ndowa, bwererani ndi buku lanu ndi chithunzi choyamba, mupemphe kujambulidwanso. Pakapezeka chatsopano, dokotala alembe lipoti lowonjezera ndipo mukalipereke kwa wapolisi amene akuyendetsa nkhani yanu.

Ndikudziwa kuti masabata awiri amenewa ndi omwe ankhoswe amakhala atakhala pansi, nkhuku yaperekedwa, ndipo mwauzidwa kuti banja ndi kupirira. Zokhululuka kapena kupitiriza mlandu mwini wake ndinu. Koma kajambulitseni ndithu. Pepala losungidwa silikakamiza munthu kupita kukhoti, limangodikira tsiku lomwe mudzalifune.

Akakhala mwana

Khanda silinena chomwe chalichitikira. Mwana wosayenda akathyoka fupa, kapena akamalira mukamunyamula m'khwapa, kapena akayamba kukomoka ndi kusanza atasiyidwa ndi munthu wina, pitani naye msanga ndipo nenani nkhawa yanu poyera. Kwa ana osakwana zaka ziwiri amene akuganiziridwa kuti achitidwa nkhanza, madokotala amajambula mafupa a thupi lonse chigawo ndi chigawo, n'kubwereza pakatha masabata awiri. Nthiti zothyokera kumsana pafupi ndi fupa la msana zimachitika kawirikawiri mwana akafinyidwa pachifuwa mwamphamvu. Zithunzi za ana n'zovuta kuwerenga, ndipo pali matenda ena ofewetsa mafupa, choncho m'poyenera kuti ziunikidwe ndi akatswiri ku chipatala chachikulu musanaloze munthu chala. Lamulo loteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limapereka mphamvu kwa apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu kuika mwana pamalo otetezeka nkhani ili m'kati. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana.

Pomaliza, kosungira ndi kopita nazo

Musasunge umboni m'nyumba yomwe wokumenyaniyo amagona. Buku la kuchipatala limatha kuponyedwa pamoto kapena m'chimbudzi. Chitani fotokope tsamba lililonse lokhudza nkhaniyi pamodzi ndi lipoti musanalipereke kupolisi, ndipo mapepalawo akakhale kwa achemwali anu, amalume kapena mnzanu wa kumpingo amene sayendayenda ndi nkhani. Chithunzi cha X-ray chisungidwe mu envelopu, chogoneka, chosapinda, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Musalembepo kanthu ndi bolopeni. Za pa foni zitumizeni kwa munthu wodalirika, ndipo pa WhatsApp zitumizeni ngati dokyumenti kuti zisafufutike maonekedwe. Ngati foni yanu amaifufuza, zifufuteni mwanumo mukatsimikiza kuti zafika.

Kupolisi funsani ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Lembani dzina la wapolisi amene walandira nkhani yanu ndi nambala ya mlandu. Akafuna kutenga chithunzi chenichenicho, alembe penapake kuti walandira, tsiku lake, ndipo asayine. Ngati wokuchitani nkhanzayo ndi wa m'banja, lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limakulolani kupempha khoti la majisitireti chiletso choti asakuyandikireni kapena kukuopsezani, ngakhalenso choti achoke m'nyumba inu mutsale, ndipo lipoti la kuchipatala lomweli ndi lomwe mungapite nalo. Osowa ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo nambala ya 5600 ndi yoimbira pa nkhani za nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi.

Tsiku la mlandu nyamulani buku, mafotokope ndi zithunzi zonse ziwiri, choyamba ndi chobwereza. Kutatsala sabata, pitani kwa woimira boma pa mlanduwo mukamufunse ngati lipoti lili mu fayilo, ndiponso ngati dokotala amene analemba wadziwitsidwa za tsikulo, popeza ife timasamutsidwa ndipo kalata yotiitana ikhoza kupita komwe tinachokako kale.